Zala za Tobiyasi

Tobiyasi anabadwira m'komboni ya esiteti ya tiyi kufupi ndi Chipinge. Makolo ake anali obwera m'dzikomo kuchokera ku Mulanje, ndipo sanamulembetse kuboma, motero chitupa analibe. Tsono mdzukulu wake Anotida sakanalemba mayeso popanda kalata ya kubadwa. Kalatayo inkafuna chitupa cha mayi ake, Sekai, ndipo cha Sekai chinkafuna cha Tobiyasi. Boma ndi lotero, limafuna pepala kuti likupatse pepala.

Pepala linalipo limodzi lokha, lamanyazi. Ali mnyamata, Tobiyasi anadula bulugama wa esiteti kuti akonze denga, ndipo anakhala m'ndende miyezi inayi. Kumeneko anamudinda zala zonse khumi, nalemba dzina lake, la bambo ake ndi kumene anabadwira. Ana ake sanawauzepo. Zaka makumi anayi zinapita, koma ngakhale ali pakati pa mizere ya tiyi, nkhungu ili tolo, ankamvabe chitseko chachitsulo chija chikutsekeka kumbuyo kwake.

Anaulula kwa Sekai ali m'basi yopita kutauni kukafunafuna pepalalo, maso ali pawindo. Sekai anangomugwira bondo.

Ku ofesi, kalaliki wamkazi anafufuza m'kompyuta kwa nthawi, kenaka anamwetulira. Anafotokoza kuti kunabwera lamulo loti milandu yaing'ono yakale izifufutika yokha, munthu osapempha.

"Makorokoto, sekuru, zakuyenderani bwino agogo. Mulibe mlandu. Dzina lanu mulibemo n'komwe."

Tobiyasi anapempha kuti ayese zala, mwina izo zimukumbukira. Anaziika pagalasi la makina kamodzi, kawiri, mpaka kasanu. Koma zala zothyola tiyi moyo wonse zimatha ngati sopo, mizere yonse inaperepeseka kalekale. Makinawo sanaone munthu.

Abale, chinthu chimene anachipempherera m'tchalitchi zaka zonsezi, kuti Mulungu achifafanize, chinafafanizikadi. Chinangosankha tsiku loipa.

Anthu a pamzere anayamba kung'ung'udza. Sekai anamukoka dzanja kuti azipita, misozi ili m'maso, koma nkhalambayo inakakamira thebulo. Mlandu umene anaubisira ngakhale ana ake, anaunena mokweza, ofesi yonse ikumva.

"Mwanangu, yang'ananso. Ndinaba ine. Anandimanga, ndinagona pasimenti miyezi inayi. Ndinalipo."

Kalalikiyo anayang'ananso, mwaulemu chabe. Kenaka anaitana wotsatira.