Msana wa Telala

Mwana wanga wamkazi anandipeza ndikudzikhula msana pafelemu ya chitseko cha shopu ngati mbuzi pamtengo. Ndinali nditatsinzina, ndipo kunena zoona ndinkamva kukoma. Nditatsegula maso ndinangoona waima pakhonde, chikwama cha kusukulu kumene amaphunzitsa chili paphewa. Ndinamuuza kuti ndikufuna kuona ngati felemuyo yafumbwa. Iye sanaseke. Anayang'ana pansi pamene panali patagwa tinthu toyera ngati mamba a nsomba, n'kundifunsa kuti zayambiranso liti.

Mwanayu timamutchula Kabatani kuyambira tsiku limene anameza batani la jekete ya kasitomala akukwawa. Lero ndi mayi wa ana ake, koma kwa ine akadali Kabatani, ndipo msana wanga anali asanauonepo chibadwire. Amene anauonapo ndi madokotala ndi malemu mayi ake basi.

Nthendayi inandiyamba nditangokwatira kumene. Inayambira m'zigongono ndi m'mawondo, kenako inakakhazikika kumsana: zigamba zokhuthala, zotuwa pamwamba, zoyabwa moti ndinkalakalaka nditavula khungu n'kulikoleka pamsomali. Aliyense anasanduka dokotala. Woyandikana naye nyumba anati ndi zipere. Mlamu wanga anati ndi mphere, n'kusiya kundipatsa moni wa pamanja. Ena ankanong'ona liwu lakuti khate ndikadutsa, ndipo limenelo ndi limene linkandisowetsa mtendere. Ku shopu kunali vuto lina. Telala amene akuyoyoka mamba sangasoke suti yakuda. Ndinkati ndikamaliza kusita, pakolala pagwa kale toyera, ndiye ndinayamba kuuza anthu kuti nsalu zakuda zinatha fasho.

Mkazi wanga ndiye anandikokera kuchipatala chachikulu, ku chipinda cha matenda a pakhungu. Chinali kumapeto kwa kakhonde kakatali, kuseri kwa labu, ndipo fungo la mafuta aphula linkakuchingamira usanafike pabenchi. M'katimo munali zenera lalikulu lopanda katani, chifukwa dokotala wake sankakhulupirira kuwala kwa babu. Anali mayi wamfupi, wa mawu aakulu, wokoleka galasi lokulitsa zinthu m'khosi, ndipo odwala tonse tinkangowatchula a Galasi.

A Galasi anandivulitsa malaya, n'kundiimika pazenera, n'kundigwira msana ndi manja opanda magolovesi. Ndinatsala pang'ono kulira. Anapala mamba pang'ono n'kukawaona pamakina aja oonera tizilombo, n'kubwera n'kunena kuti zipere mulibe. Kenako anandiuza kuti nditsinzine, iwo n'kumandikhudza ndi kathonje pazigamba, ine n'kumaloza pamene andikhudza. Ndinaloza paliponse molondola, ndipo anati munthu wakhate sakamva kathonjeko, choncho amene akunong'ona akapeze nkhani ina. Pomaliza anadula kachikopa kakang'ono kuti akakapime, n'kusoka pabalapo. Mkazi wanga atandionetsa msokowo pagalasi ndinawauza a Galasi kuti ku shopu kwanga sindikanawalemba ntchito. Anaseka mpaka anatsokomola.

Zotsatira zitabwera anati nthendayo dzina lake ndi soriyasisi, siyopatsirana, siyopha, koma siitheratu: imagona n'kudzuka. Ife kunyumba tinapitiriza kungoitchula mamba.

Nthawi imeneyo a Galasi ankachita kafukufuku wa mankhwala atsopano opaka, ndipo anandifunsa ngati ndingalowe nawo. Anafotokoza mosapsatira kuti ndikhoza kukana, ndikhozanso kutuluka tsiku lililonse. Ankapereka machubu awiri opanda dzina, ina ya chivindikiro chofiira, ina ya chabuluu. Mu imodzi munali mankhwala atsopanowo, mwinamo akale, ndipo ngakhale iwowo sankadziwa kuti iti ndi iti. Msana wanga anaugawa pawiri potsata fupa lapakati. Yofiira inali ya kumanzere, yabuluu ya kumanja. Koma kumbuyo kulibe maso, manjanso safikako, ndiye funso lawo linali lakuti adzandipaka ndani. Mkazi wanga anali atapinda kale manja a bulauzi.

A Galasi anamuphunzitsa pomwepo. Kufinya mafuta kuchokera kunsonga ya chala mpaka pamzere woyamba, osapitirira. Kuyambira kumanzere. Kupaka motsitsa, osati mozunguliza. Kusamba m'manja ndi sopo asanakhudze mbali inayo, kuti mankhwala asasakanikirane. Zofunditsa mafutawo m'zikhato kaye mkazi wanga anawonjezera yekha, chifukwa tsiku loyamba ndinadumpha ndi kuzizira.

Patapita milungu ingapo mbali ya kumanja inayamba kusalala, ya kumanzere ikadali ngati khungwa la mtengo. Ndinamuchonderera kuti azingondipaka yabuluuyo konsekonse, a Galasi sadziwa. Anatemetsa nkhwangwa pamwala. Ndinapsa mtima, ndinamukumbutsa kuti msana ndi wanga, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

"Ngati mwatopa, tiyeni tikawauze kuti mwatuluka," anatero. "Koma bodza ayi. Mukanamiza a Galasi mwanamiza onse aja timakhala nawo pabenchi."

Sindinatuluke. Ndinkangodandaula m'mawa uliwonse, iye n'kumandiseka kuti kumanjaku ndi mwamuna amene anamufunsira, kumanzereku ndi amene anamupeza ukwati utachitika. Masiku okaonedwa a Galasi ankajambula zithunzi, n'kumayeza zigamba ndi kalula, koma mafunso ankafunsa mkazi wanga. Ine ndinkangokhala ngati nsalu imene anthu awiri akukambirana kadulidwe kake.

Kafukufuku anatha, zinadziwika kuti yabuluu ija ndiyo inali yatsopano, ndipo anayamba kundipatsa imeneyo ya msana wonse. Koma mkazi wanga sanasinthe. Chubu inali imodzi, komabe ankayambira kumanzere, n'kupita kukasamba m'manja, n'kubwerera kumanja. Ndikamufunsa chifukwa chake ankati manja anazolowera. Ankamalizira pa kachigamba kena kouma mutu kamene kanali pansi pa phewa lamanja, kamene sikankamva mankhwala aliwonse. Ankakatchula mlendi, akuti chifukwa kanakana kusamuka. Akakapaka ankakagogoda kawiri ndi chala, ndipo chimenecho chinali chizindikiro choti ndivale malaya.

Zaka zonsezo m'mawa uliwonse, ndisanapite ku shopu, tinkatseka chitseko cha kuchipinda. Nkhani zonse za banja lathu zinakambidwa ine nditafulatira: za sukulu ya mwana, za abale ovuta, za mimba imene inapita padera. Pali mawu amene mwamuna ngati ine sangawanene akuyang'ana munthu m'maso, koma akayang'ana khoma amatuluka okha. Kabatani ankagogoda n'kumalira kunja. Anauza anzake kuti makolo ake amadzitsekera n'kumadya maswiti. Sindinamuberekepo kumsana mwana ameneyu ngakhale tsiku limodzi. Ndinkamunyamula pachifuwa, nditamanga mabatani mpaka m'khosi. Sindinkafuna kuti adzandione mmene mlamu wanga ankandionera.

Mkazi wanga anadwala nthawi yaitali. Miyezi yomaliza Kabatani ankabwera m'mawa uliwonse kudzamusambitsa, ndipo tsopano amene ankatsala kunja kwa chitseko ndinali ine. Ndinali nditabweretsa makina osokera pabalaza kuti ndisamatalikire. Ndinkamva mayi ake akudandaula za msana, msana, n'kumamukalipira mwanayo kuti akufulumira, kuti si pamenepo, ayambirenso. Ndinkadabwa, chifukwa matenda ake sanali a msana, ndipo sanali munthu wovuta chonchi. Ndinangoti ululu umasintha anthu, n'kumapondaponda makina kuti ndisamve.

Atamwalira, mamba anadzuka ngati ankangodikira. Ndinayesa nzeru zanga. Ndinamanga kansalu kunsonga ya lula wanga wamatabwa, n'kumapaka mafuta pamenepo, n'kumapalasa kumbuyo mwachimbulimbuli. Mafuta ambiri ankathera pakansalu, ena pakhoma. Kenako ndinangosiya, n'kuyamba chibwenzi ndi felemu ya chitseko. Mpamene Kabatani anandigwira, ndipo m'mawa mwake anandikokera kuchipatala monga anachitira mayi ake kalekale.

Kakhonde kanali komweko, koma fungo la phula kunalibe. Pazenera paja anaikapo katani. A Galasi akuti anapuma ntchito kalekale, ndipo pampando pawo panali dokotala wachinyamata wokhala ndi kachipangizo kowala kamene amakagunditsa pakhungu. Ndinamuuza Kabatani kuti adikire pabenchi. Dokotalayo anali waulemu, sindinganame. Nditamuuza kuti mafuta amene akundilemberawo anayesedwa pamsana panga, anaimirira n'kundigwira chanza. Koma atauona msanawo nkhope yake inasintha. Anati khungu lang'ambika m'malo ambiri ndipo mwina mwayamba kulowa tizilombo. Anandipatsa mapiritsi a zilondazo, koma anati mafuta akufunika kufika paliponse tsiku ndi tsiku, apo ayi ulendo wotsatira andigoneka m'chipatala. Kenako anafunsa funso lomwe lija la a Galasi, kuti kunyumba adzandipaka ndani. Ndinayang'ana kumbali kwanga kumene kunkaima munthu wopinda manja a bulauzi. Ndinayankha kuti ndiona chochita.

Kugona m'chipatala ndinkakuopa, chifukwa mkazi wanga analowa pakhomo lomwelo osabwerako. Koma kuvula malaya pamaso pa mwana wanga ndinkakuopa koposa. Panjira anandifunsa zimene dokotala wanena, ine ndinati palibe chachilendo. Anangoti chabwino, ndipo mwana ameneyu akangoti chabwino dziwani kuti nkhani sinathe.

M'mawa mwake anafika ndisanamwe n'tiyi yemwe. Anaika beseni la madzi, sopo ndi thaulo pampando wa kuchipinda, n'kutenga chubu pawindo. Ndinamuuza kuti achedwa kusukulu. Ndinamuuza kuti ndili ndi lula wanga. Ndinakweza mawu, ndinati mwana saona thupi la bambo ake, ndipo ngati wabwera kudzandichititsa manyazi m'nyumba mwanga atuluke. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera.

"Ababa, manyazi anapha lambe," anatero motsitsa mawu. "Amayi ndinawataya. Inu sindikutayani chifukwa cha malaya. Yang'anani kukhoma."

Ndinakhala pabedi n'kuyang'ana khoma lomwe lija. Mabatani amene ndinasokerera ndekha anandivuta kumasula. Malaya atagwa ndinadikira kuti ndimve akupuma modzidzimuka kapena akubwerera m'mbuyo. Sindinamve chilichonse koma kachivindikiro kakutseguka, kenako zikhato zikukhulana. Ankafunditsa mafuta.

Anayambira kumanzere. Anapaka motsitsa, mosafulumira, kuchokera paphewa mpaka m'chiuno, n'kumalambalala pamene pang'ambika. Atafika pafupa lapakati anaima. Ndinamva madzi akukhuvuka m'beseni, sopo, thaulo, kenako manja aja anabwerera kumanja. Ine zosamba m'manja pakatikati sindinamuuzepo, dokotala wachinyamata uja sakuzidziwa, ndipo palibe chifukwa chochitira zimenezo chubu ikakhala imodzi. Pomaliza chala chake chinapita chokha pansi pa phewa lamanja, osafufuza.

"Mlendi uja ndi ameneyu?" anafunsa.

Ndinagwedeza mutu kuvomera. Kenako ndinamufunsa, ndikuyang'anabe khoma, kuti zimenezi anazidziwira kuti.

"Pamsana pa amayi," anatero. "Sunkawapweteka msana, ababa. Ankandiphunzitsa wanu. Ankati bambo ako ndi ouma mutu, sadzakupempha, ndiye udzangobwera ndi beseni."

Ndinalira, ine munthu wamkulu, malaya ali pansi. Ndinalira chifukwa miyezi yonse ija ndinkapondaponda makina kuti ndisamve mawu ake, pamene iye ndi mphamvu zake zomaliza ankakonza za ine. Kabatani anapaka kachigamba kaja bwinobwino, n'kukagogoda kawiri ndi chala.

Ndinatola malaya n'kuvala.