Timadontho Tiwiri Towonjezera

"Lemba msanga, mlembi, zisanathawe," anatero bambo a Mawotchi atatsinzina, kamsomali kachitsulo atakakanikiza pachipumi ndi chala chimodzi.

Ndinali nditakhala pabokosi kuseri kwa tebulo lawo, kope pabondo, pensulo m'manja. Kashopu kawo kanali kopapatiza, kopanikizika pakati pa malo ometera ndi sitolo ya nsapato. Pakhoma panali mawotchi oposa makumi atatu, iliyonse ikunena nthawi yakeyake.

"Mukuona chiyani, bambo?"

"Kuwala. Kukung'anima chakumbali kuno, ngati mphezi yakutali. Pakati pali kanthu kakuda."

"Kozungulira?"

"Eya, kozungulira."

"Nanga mizere yozinga kanthuko? Ilipo inayi?"

"Inayi ndithu. Iwe mwana uli ndi mutu."

Ndinajambula mizere inayi. Kenako tinayamba kuwerenga timadontho ta pamzere uliwonse, ine ndikutchula nambala, iwo akugwedeza mutu. Umo ndi momwe tinkagwirira ntchito yathu. Pofika tsiku limenelo tinali titadzaza theka la kope: mkuwa, mchere, golide wa pamphete ya kasitomala wina, ndipo tsopano chitsulo.

Ndinali nditangomaliza sekondale, ndikudikira zotsatira za mayeso. Amayi ankafuna ndikaphunzire zowotcherera kwa amalume, koma ine ndinkaona kuti manja olemba ndakatulo sangagwire zitsulo zamoto. Kushopuko sindinapiteko chifukwa cha sayansi. Ndinapitako chifukwa cha mwana wawo wamkazi, yemwe ankaphunzira unamwino, ndipo aliyense mumsewumo ankangomuitana kuti Nesi. Ndinayamba kumutsatira ndi maso ndili folomu 3. Nditamaliza sukulu ndinatenga wotchi yakufa ya malemu bambo anga n'kupita nayo kokakonzetsa katatu, ngakhale kuti ulendo woyamba womwe bambowo anandiuza kuti imeneyi sidzadzukanso.

Ulendo wachitatuwo ndi pomwe anandiululira chinsinsi chawo. Anati zaka makumi anayi zoyang'ana tizinthu ting'onoting'ono ndi kagalasi ka diso limodzi zinawatsegula diso lina, la mkati. Akatsinzina, amaona zomwe zili m'kati mwa chinthu, mpaka tinthu tija anamva pawayilesi kuti ndi maatomu. Anthu ena akanaseka. Ine ndinaona kale chithunzi chathu m'nyuzipepala: mkulu wodabwitsa, pambali pake mnyamata amene anamutulukira, ndipo chapatali Nesi akundiyang'ana ndi maso ena.

Nesi weniweniyo analowa tisanamalize chitsulo. Anaponya chikwama pampando n'kuika kakhadi kachikasu patebulo, pamwamba pa timagiya ta wotchi.

"Ababa, Lachinayi. Chipatala cha maso. Aka n'kachitatu kukupezerani tsiku."

Bambo ake anatsegula maso n'kufufuza kakhadiko ndi dzanja, ngakhale kuti kanali patsogolo pawo penipeni. Ndinaziona zimenezo. Ndimakumbukira bwino kuti ndinaziona. Anati madokotala akangowathira mankhwala m'maso mphatso yawo ithawa, ndipo iwo sangalole kuti chinthu chimene chawapeza ku ukalamba chitsukidwe ngati dothi.

Nesi anandikokera panja, pafupi ndi khomo la ometa tsitsi. Aka kanali koyamba kundigwira dzanja, ndipo mtima wanga wopusawo unavina.

"Wandakatulo, tamvera. Ababa sakuona maatomu. Maso awo akudwala. Kung'anima akukunenako kuli m'mabuku athu. Usanabwere iwe anali atavomera kupita. Tsopano ali ndi mlembi, ali ndi kope, akuti ndi mneneri."

Ndinamuyankha ngati munthu wodziwa zinthu. Ndinati zomwe bambo ake akuona zikugwirizana ndi sayansi mzere ndi mzere, ndipo munthu amene sanapite patali ndi sukulu sangazipeke. Ndinamupempha sabata imodzi yokha. Ndikaonetsa kopelo kwa aphunzitsi anga a sayansi. Akakana, ine ndemwe ndiwaperekeza bambo kuchipatala.

"Ulumbire."

Ndinalumbira, dzanja pamtima, ngati m'sewero. Bambo a Mawotchi anasangalala nazo. Anati Lachinayi lidikire, ayambe amva mawu a ophunzira.

Aphunzitsi athu a sayansi tinkawatchula kuti Achoko, chifukwa fumbi la choko silinkachoka pamalaya awo ngakhale Lolemba m'mawa. Ndinawapeza m'labu nthawi yopuma, akumwa tiyi mu kapu yosweka chogwirira. Masinki anali ouma monga kale, ndipo tchati cha maelementi chinali chikadali pakhoma, ngodya imodzi itapindika.

Ndinalankhula mofulumira, mawu akuponderezana. Iwo ankangotembenuza masamba pang'onopang'ono, akunyowetsa chala. Anayamba ndi kundikumbutsa kuti atomu ndi yaing'ono kwambiri moti kuwala kumene maso athu amaonera sikungaigwire. Kuli ngati kufuna kutola njere imodzi ya mpiru ndi fosholo. Ndinati bambowa sagwiritsa ntchito kuwala, amagwiritsa ntchito diso la mkati. Anavomera ndi mutu ngati kuti ndanena zanzeru.

"Chabwino. Ndiye diso la mkatilo likuonanso mizere yozungulirayi? Mizere iyitu timajambula pabolodi kuti ana mukhoze mayeso. Akatswiri anaisiya kalekale. Elekitironi siyenda mumsewu ngati njinga. Imakhala ngati nkhungu, sungailoze kuti ili apa."

Ndinadumpha. Ndinatsegula tsamba la golide, pomwe ndinajambula nkhungu ndi tinthu tonga maluwa, n'kuwaonetsa monyadira. Achoko anaseka mpaka tiyi anawatsamwa.

"Golide sali pasilabasi, mnyamata. Taona wekha. Zonse zomwe ndinakuphunzitsa, mkuluyu akuziona bwinobwino ndi mizere yake. Zomwe sindinakuphunzitse, akuona nkhungu ndi maluwa. Mukamagwira ntchito yanuyi, amayamba kutchula nambala ndani?"

Iwo anafika patsamba lomaliza, la chitsulo, n'kuyamba kuwerenga timadontho ndi nsonga ya cholembera. Anawerenga kawiri. Kuseka kuja kunatha.

"Tilipo 28," anatero. Analoza tchati cha pakhoma. "Pita ukawerenge chitsulo."

Ndinapita. Panalembedwa 26.

Anandiuza modekha, ndipo kudekhako n'kumene kunandipweteka. Tsiku lina tili folomu 3 anabwera m'kalasi mutu ukuwawawa, n'kulemba pabolodi kuti chitsulo chili ndi maelekitironi 28. Mawa lake anapepesa kalasi yonse, aliyense anafufuta m'kope mwake n'kulemba 26.

"Iwe tsiku limenelo unali kuti?"

Ndinkadziwa komwe ndinali. Ndinali nditaima pageti pa sukulu ya anamwino kuyambira m'mawa, ndakatulo m'thumba, kudikira mtsikana amene sanadziwe n'komwe kuti ndilipo.

"Dziko lonse lapansi, chitsulo cha 28 chili malo awiri okha," anatero Achoko. "M'kope lako la folomu 3, ndi pachipumi pa mkulu wakoyo. Akuona cholakwa changa, kudzera pakamwa pako."

Ndinatenga kope kuti ndizipita, koma anandiimitsa. Anafuna kudziwa zomwe bambowo amanena ndisanayambe kuwafunsa mafunso, mawu awo okha osati anga. Ndinawauza za kung'anima kwa kumbali, za tinthu takuda touluka ngati ntchentche, ndi za nsalu yakuda imene masiku amenewo ankati ikutsika pang'onopang'ono kuchokera pamwamba, yomwe ine ndinkailemba kuti ndi khomo la atomu.

Achoko anaika kapu pansi. "Za maso si ntchito yanga. Koma zimenezo si za sabata yamawa. Mutengereni kuchipatala lero."

Lero. Anatero ndithu, ndipo ndinamva.

Ine amene sindinkatha kudikira chilichonse, amene ndinkafuna kutchuka ndisanamere ndevu zokwanira, ndinadikira masiku asanu ndi anayi. Ndinatuluka pasukulupo n'kuyenda mpaka pangodya ya msewu wa kushopu. Ndinaona chikwangwani chawo cha wotchi yopentedwa, ndinaona ometa tsitsi akukutumula nsalu pakhomo, n'kubwerera. Ndikanalowa bwanji? Ndikanati chiyani kwa munthu amene ankanditchula kuti mlembi? Ndipo Nesi, ndimuuze kuti iye ndiye ankanena zoona, ine ndinali chitsiru chokhala ndi pensulo?

Ndinaganiza zoti ndimulembere ndakatulo yopepesa, yokongola kwambiri moti akaiwerenga sangakwiye. Ndinadzitsekera m'chipinda. Amayi ankagogoda n'kufunsa ngati ndadwala kapena ndayamba kusuta zinazake. Ndinalemba, kung'amba, kulembanso. Ndime yachitatu inkandivuta. Tsiku lililonse ndinkati mawa. Lachinayi lija linadutsa ndikusakasaka mawu oyenera kufanizira maso ake. Kushopu, bambo a Mawotchi ankauza mwana wawo kuti sasuntha mpaka mlembi abwere ndi yankho la ophunzira, poti pangano ndi pangano.

Tsiku lachisanu ndi chinayi ometa tsitsi anabwera kwathu masana, lumo likadali m'thumba la malaya. Anati anawapeza bambowo dzuwa lili pamutu akupapasa khoma, akufunsa kuti wazimitsa magetsi ndani.

Kuchipatala ndinamupeza Nesi pabenchi yam'khonde, atavala yunifolomu yake, manja atawaika pamiyendo. Sankalira. Anandifotokozera ngati akuyankha mayeso: kansalu kakumbuyo kwa diso, kamene kamalandira kuwala, kanamatuka. Diso lakumanzere linatha kale mwakachetechete. Lakumanja, dokotala anati akanabwera sabata yapitayo akanayesa kulipulumutsa.

Kenako anandiyang'ana. "Aphunzitsi ako unawaona?"

"Ndinawaona."

"Anati chiyani?"

Ndinamuuza zonse, za 28 ndi 26, za geti ya sukulu yawo, poganiza kuti mwina mbali imeneyo imufewetsa mtima.

"Linali liti?"

Ndikanatha kunama. Ndinatchula tsikulo. Anapinda zala chimodzichimodzi, dzanja loyamba lonse, kenako zinayi za dzanja linalo, n'kukhala akuziyang'ana.

"Ndakatulo ili m'thumba lakoyo usaitulutse," anatero. "Ndikuiona ngodya yake. Waona, nanenso ndili ndi diso la mkati."

Anaimirira n'kulowa m'chipinda momwe munali bambo ake. Kuyambira tsiku limenelo sananditchulenso Wandakatulo, kapena dzina lina lililonse. Tikakumana pamsewu amandipatsa moni wa ulemu, wa "muli bwanji," umene amapatsa munthu wobwera kudzawerenga mita ya madzi.

Zotsatira za mayeso zinatuluka patatha mwezi. Sayansi ndinakhoza bwino kuposa maphunziro ena onse. Funso la chitsulo silinabwere. Amayi anauza anthu onse a mumsewu wathu, ndipo ine ndinapita kwa amalume kukayamba zowotcherera popanda wondikakamiza. Chitsulo ndimachidziwa tsopano: kutentha kwake, fungo lake, momwe chimalumira chala.

Kushopu ndinabwererako kamodzi, Loweruka lina masana, nditaonetsetsa kuti Nesi ali kuntchito. Bambo a Mawotchi ankabwerabe tsiku lililonse kudzakhala pampando wawo, poti kunyumba ankati kumawatopetsa. Ometa tsitsi ndi amene ankawatsegulira chitseko. Kagalasi ka diso limodzi kanali patebulo, katachita fumbi. Mawotchi ambiri pakhoma anali ataima, popeza panalibe wowapukusa.

Anandizindikira ndisanalankhule, akuti ndimakoka phazi lakumanja. Sanandikalipire. Ndinazindikira kuti Nesi sanawauze chilichonse, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati anachita zimenezo powamvera chisoni iwo kapena pofuna kuti katunduyo ndimusenze ndekha. Anandifunsa za amayi, za ntchito, n'kuseka kuti mlembi wasanduka wosula. Za aphunzitsi sanafunse.

"Kope wabwera nalo?"

Ndinali nalo. Ndinalitenga kuti ndiwauze zoona, tsamba ndi tsamba. Ndinakhala pabokosi langa lija, mawu ndinali nditawakonza njira yonse. Koma iwo anali atayamba kale kupapasa m'kabati. Anatulutsa kachidutswa ka siliva, kochokera kuchivundikiro cha wotchi yakale, n'kukakanikiza pachipumi. Anatsinzina, ngakhale kuti kutsinzina kunalibenso ntchito.

Tinakhala choncho nthawi yaitali. Kuseri kwa khoma makina ometera ankalira. Wotchi imodzi yokha, yapamwamba pa chitseko, inali ikuyendabe.

"Funsatu, mlembi," anatero chapansipansi. "Bwanji wangoti zii? Ukapanda kufunsa, ine sindikuona kanthu."

Siliva sanali pasilabasi. Ndinagwira pensulo pamwamba pa tsamba loyera, iwo akudikira, nkhope ataitembenuzira kumbali komwe ankaganiza kuti ndakhala.