Zithunzi Zitatu za Razak

"Tembenuka pang'ono, khutu lioneke," ndinatero ndili kumbuyo kwa kamera. "Ndipo usaseke. Zing'onozing'onozi sasekerera."

Abdulrazak anameza chiseko, nawongola kolala ya malaya oyera amene ndinali ndisanamuonepo atavala. Linali Lachinayi masana m'chaka cha 1979, m'kachipinda kanga kojambuliramo zithunzi kuseri kwa msika wa Balaka. Ndinadina kamera kawiri, iye n'kupuma ngati watula thumba.

"Zikhale zitatu, achimwene," anatero. "Koma chonde, musauze munthu."

"Zikupita kuti?"

"Mudzamva zikatheka."

Anandisiyira kaphukusi ka mtedza wokazinga patebulo monga mwa masiku onse, koma sanakhale kuti tidye limodzi. Ndinamuyang'ana akudutsa pakati pa ogulitsa tomato, ana akumuitana dzina.

Razak, monga tinkamutchulira, anachokera ku Nayuchi, kufupi ndi nyanja ya Chiuta. Anabwera ku Balaka kudzagwira maganyu onyamula matumba pasiteshoni, koma miyendo yake inamuulula. Chaka chimenecho anali atagoletsa zigoli khumi ndi zinayi m'masewera asanu ndi anayi okha, ndipo timu yathu ya Zitsulo, imene kale inkangopita kukaperekeza anzake, inayamba kuopedwa mpaka ku Zomba. Pamenepo ndi pamene mphekesera zinayambira. Wina anaona galimoto yobiriwira ya ku Blantyre itaima pafupi ndi bwalo. Wina anaona bambo wa tayi akulemba m'kabuku Razak akamagwira mpira. Pofika mwezi wa Ogasiti, aliyense m'tauni anali ndi msuweni wake amene anamva ndi makutu ake kuti mnyamatayo wasaina kale ndi timu ya ku Blantyre.

Ine dzina langa ndine Elliam. Kwathu ndi ku Kasupe, kumene masiku ano amati ku Machinga. Mkazi wanga Ida anali atamwalira zaka zitatu zapitazo, osandisiyira mwana, ndipo kuyambira pamenepo nyumba yanga inali ya ine ndi mawu a wailesi basi. Wojambula zithunzi amadziwika ndi tauni yonse, koma palibe amene amamuchezera. Anthu amalowa, n'kukhala chowongoka ngati akuweruzidwa, kenako n'kutuluka. Paukwati umaima pambali, uzitamanda mano a anthu ena. Razak yekha ndiye ankabwera popanda chifukwa. Lachinayi lililonse ankakhala pampando wa makasitomala, n'kumaseka miyendo yake yamatewe pazithunzi zimene ndinkayanika pachingwe. Ndisanamizire: sabata yanga yonse inkadikira tsiku limenelo.

Nditamujambula zithunzi zija, mawa lake madzulo ndinadutsa pakhonde la a Bizwick, telala amene ankaimbanso ng'oma ya timu. Pamenepo pankasonkhana ochemerera mpira enieni, akusewera bawo ndi kukonza timu ndi pakamwa. Zaka zonsezo ndinkangowapatsa moni, iwo n'kuyankha osadzutsa mitu. Tsiku limenelo a Bizwick anaimitsa makina.

"A Elliam! Mukuthamangira kuti ngati kunyumba kuli okudikirani? Tabwerani kuno. Inu, tawasendererani aphunzitsi a zithunzi akhale."

Anasendera. Wina anandipatsa chikho cha thobwa. Ndinakhala pakati pawo, mapewa akukhudzana ndi anga, ndipo ndinazindikira kuti papita nthawi yaitali munthu asanandigunde phewa.

"Chaka chilichonse n'chimodzimodzi," anatero a Blasius, bambo wonenepa wogulitsa zitsulo za njinga. "Ife tilere, iwo adzatenge. Mwana akangodziwa kuimitsa mpira, galimoto ili pachipata."

"Akuti amulonjeza ntchito ya muofesi ndi nyumba ya magetsi," wina anawonjezera.

"Apite, ife sitikumugwira mwendo," anatero a Bizwick. "Koma atiuze poyera. Ife manja atupa ndi ng'oma, iye akungotisekerera ngati ndife ana. Tikamufunsa akuti 'iyayi, palibe nkhani'. Nanga dzulo malaya oyera aja anali a chiyani? A Elliam, analowa kwanu. Tiuzeni."

Maso onse anali pa ine. Palibe amene anandiyang'anapo choncho popanda kamera pakati pathu.

"Ndamujambula zing'onozing'ono," ndinatero. "Anati ndisauze munthu."

A Blasius anataya nkhomo za bawo zimene zinali m'manja mwawo.

"Za khadi," anatero. "Basi, wapita."

Munthu aliyense wotsata mpira ankadziwa kuti wosewera akamasintha timu amadula khadi latsopano, ndipo pakhadipo amamatapo kachithunzi kakang'ono. Koma chinthu chimodzi ndinkachidziwa ine ndekha, chifukwa inali ntchito yanga: khadi la mpira limafuna zithunzi ziwiri, osati zitatu. Mawuwo anafika pamilomo, ine n'kuwameza pamodzi ndi thobwa. Ndinali nditamupsera mtima Razak chifukwa chondibisira, ndipo pabenchi paja panali pofunda. Ndinakhala nawo mpaka a Bizwick analowetsa makina m'nyumba, ndipo pochoka aliyense anandigwira chanza.

Loweruka tinkasewera ndi timu ya ku Liwonde. Pachipata anyamata a chipani anayamba aona makhadi athu a chipani monga mwa nthawi zonse, ndipo anthu analowa ambiri kuposa kale. Chachilendo chinali bata. A Bizwick anabwera ndi ng'oma, koma anaigoneka pansi n'kuikhalira. Nkhani inali itayenda usiku umodzi wokha: lero Razak timumana nyimbo.

Tinali ndi mwambo wathu. Razak akagoletsa, ng'oma inkalira katatu, bwalo lonse n'kuyankha dzina lake, ndipo masewera akatha tinkamunyamula pamapewa mpaka pasiteshoni. Ine malo anga anali kumbuyo kwa golo, nditagwada pafumbi.

Chigawo choyamba chinatha popanda chigoli. Razak ankayang'anayang'ana kwa anthu, akudabwa. Chigawo chachiwiri chili pakati, analandira mpira pachifuwa, nazemba otchinga kumbuyo awiri, n'kuuponya pakona pomwe goloboyi sakanafika ngakhale akanakhala ndi makwerero. Chinali chigoli chokongola kuposa zonse zimene ndinaziona pabwalo lija. Iye anathamanga atatambasula manja, ine n'kudina kamera.

Kunamveka wezulo ya woimbira mpira yokha. Anthu mazanamazana anakhala chete, manja atapinda pachifuwa. Kenako mawu a munthu mmodzi anachokera kumbuyo.

"Kagoletsereni kwanu ku Blantyre!"

"Wogulitsa!" wina anakuwa, ndipo ena analandira.

Razak anatsitsa manja pang'onopang'ono. Anasewera mpaka kumapeto osakhudzanso mpira kwenikweni. Masewera atatha anavula jezi yake, naipinda bwinobwino, n'kuipereka kwa mphunzitsi wa timu ndi manja awiri. Anatuluka yekha pachipata, ndipo palibe amene anamutsatira. Inenso sindinamutsatire.

Lachiwiri m'mawa kunabwera kapitawo wa pafakitale ina ya thonje ya m'tauni momwemo, kudzajambulitsa ana ake. Ndikukonza nsalu ya kumbuyo, anandifunsa ngati ndamuona Razak.

"Amayenera kuyamba dzulo ntchito ya ukalaliki pasikelo," anatero. "Fomu yake ili patebulo panga, ndi zithunzi zanu zitatu. Ndinamuuza ndine kuti asunge pakamwa, chifukwa anthu akangomva kuti pali malo, mawa lake pachipata pamadzaza abale a mabwana. A ku Blantyre aja Razak anawakana mwezi watha. Anati akangopeza ntchito yokhazikika, Balaka sachokamo."

Sindikumbuka mmene ndinawajambulira ana aja. Ndinapita pakhonde la a Bizwick n'kunena zonse. Anayang'anana, kenako a Blasius anati, "Nanga si inu munatiuza?" Palibe amene anasendera pabenchi tsiku limenelo.

Ndinali ndi chiyembekezo chakuti mwina wapitadi ku Blantyre, kuti mwina ndamukankhira ku mwayi. Koma mnzake wa pasiteshoni anandiuza kuti anakwera sitima yolowera kummawa. Choncho Lachinayi ndinatseka kachipinda kanga, ndinaika m'envulopu chithunzi cha chigoli chija chimene ndinali nditachitsuka, n'kukwera sitima yodzera ku Nkaya ndi ku Liwonde mpaka ku Nayuchi. Ulendo wonse ndinkakonza mawu opepesa, ndipo onse ankamveka opanda mchere.

Ndinamupeza dzuwa lili paliwombo, akutembenuza nsomba pathandala loyanikira, atavala kabudula wong'ambika. Mlongo wake Zaina anandiyalira mphasa pamthunzi, nandibweretsera madzi akumwa atagwada. Razak anasamba m'manja, nabwera kudzakhala chapatali pang'ono.

"Muli bwanji, bambo?" anatero.

Sanandiitanepo choncho. Ndikanakonda akananditukwana.

"Razak, ndine ndinawauza. Ndinkadziwa kuti si za khadi, koma ndinakhala chete. Ndikhululukire. Ntchito ija ikadalipo, ndipo anthu tsopano akudziwa zoona. Tiye tibwerere."

"Ndinadziwa kuti ndinu," anayankha mofatsa. "Kupatula kapitawo uja, amene ankadziwa za zithunzi anali awiri, inu ndi Mulungu. Kukhululuka ndakhululuka. Koma pabwalo paja sindingaimeponso. Miyendo ikhoza kufuna, mtima wakana."

Ndinamupatsa envulopu ija. Anatulutsa chithunzi n'kuchigwira m'mbali kuti asachidetse. Iye anali pakati, manja otambasula, ndipo kumbuyo kwake kunali mizere ya anthu opinda manja. Anayendetsa chala pankhope zawo.

"Awa ndi a Blasius. Awa ndi a Bizwick, ndinawakumbira nawo manda a mwana wawo." Chala chinafika kumapeto kwa mzere. "Nanga inu muli pati?"

"Ine ndinali kumbuyo kwa kamera."

"Eya," anatero. "Ndinayamba kuyang'ana kumeneko. Ndinati ena onse akhale chete, koma achimwene adzutsa mutu."

Anabweza chithunzi m'envulopu, nandipatsa ndi manja awiri. Zaina anandimangira nsomba zouma m'pepala, poti mlendo sabwerera chimanjamanja. Razak anandiperekeza mpaka pathandala lomaliza, natsanzika mwaulemu, n'kubwerera ku ntchito yake.

M'sitima munali anthu ochepa, ndipo mpando wonse unali wanga. Titadutsa Liwonde ndinatulutsanso chithunzi chija, n'kuchiyandikiza kuzenera. Masiku onse amene chinali pachingwe ndinkangoona gulu la anthu, ndipo ndinkaganiza kuti Razak akuthamangira kwa iwo. Thupi lake linalidi kupita kumeneko. Koma nkhope anali atatembenuzira kwa ine, maso ali pakamera penipeni, milomo itangoyamba kumwetulira.