Kusudzula Hannah

A Mariya a ku Nsaru ankangomuona mtengwa wawo pafoni ya mwana wawo Evelyn, mphunzitsi wa ku Namitete. Kanali kamtsikana kachizungu kofiira ndi dzuwa, kogwada pakapeti n'kumati, "Muli bwanji amayi?" Kugwadira foni! A Mariya ankaseka mpaka kupukuta misozi.

Dzina lake anali Hannah. Kwawo kunali ku Mangalande, koma mayi ake atamwalira anangonyamula chikwama n'kupita ku Australia, kumene analibe ngakhale womupatsa moni. Anathyola malalanje m'minda ya eni, akugona m'kanyumba ka matayala kotchedwa kalavani, kotentha ngati uvuni, ntchentche zili bii kumaso. Eni dziko ankamuseka kalankhulidwe, chonsecho onse ndi azungu. Izi zinkawadabwitsa a Mariya. Kani mzungu nayenso amakhala wobwera, ngati matenanti a pa esiteti ya fodya?

M'munda wa malalanjemo ndi momwe anakumana ndi Lyson, mwana wa a Mariya, amene anachoka ku Chitedze kukaphunzira zaulimi. Anakwatirana, nabereka Fatsani. Kenako khansa inamugwira Lyson, ndipo Hannah ndiye ankamusambitsa, kumutembenuza ndi kumumwetsa phala. Tsiku lomaliza anamugwirizira foni pakhutu kuti mayi ake amuimbire nyimbo ya kutchalitchi. Atamwalira anamuika ku Australia komweko.

Ndiye zitamveka kuti Hannah akubwera ndi mwana, a Jailosi, malume ake a Lyson, sanachedwe.

"Achemwali, mtengwa wathuyu ngwamng'ono. Timusudzule, akapeze banja lina. Kodi pali china chimene tingamuthokoze nacho?"

A Mariya anavomera, poti zinali zoona. Mkazi wamasiye sumusunga womangika. Akuchimuna amamumasula pamaso pa anthu kuti akhale mfulu. Koma mumtima munali mantha. Akangomasulidwa, akakwatiwa ndi mzungu mnzake, ndipo Fatsani, yekhayo amene Lyson anasiya, sadzapondanso pa Nsaru.

Hannah atafika, a Mariya anamumangira okha chitenje chawo cha Chigwirizano cha Amayi. Anali wochepa thupi kuposa wa pafoni uja, koma wa manja olimba. Anasesa pabwalo, anakatunga madzi kumjigo n'kutaya theka panjira, akazi a m'mudzi ali chikhakhali. Fatsani naye tsiku lonse anali pambuyo pa nkhuku. A Mariya ankangoyang'ana, mtima ukuwawa ndi chikondi.

Lamulungu ataweruka kutchalitchi, abale anasonkhana pansi pa mtengo wa mango. Mkulu wa mpingo anapemphera, kenako a Jailosi anakonza kukhosi.

"Amake Fatsani, mwatisamalirira mwana wathu mpaka kumapeto. Tilibe nanu mlandu. Kuyambira lero ndinu mfulu, sitikukumangani. Pitani mumtendere."

Anthu anaomba m'manja. Evelyn anamasulira m'Chingerezi. Hannah anayang'ana a Jailosi, anayang'ana a Mariya, n'kudzuka, mwana m'manja, ulendo wa m'nyumba.

"Ndi chimwemwe chimenecho," anatero a Jailosi. Amuna inu!

A Mariya anamutsatira, Evelyn pambuyo. Anamupeza atakhala pansi, atavula chitenje chija, akuchipinda bwinobwino kuti achibweze. Misozi inali chuchuchu. Analankhula mwachibwibwi, Evelyn n'kutembenukira mayi ake.

"Akufunsa kuti alakwa chiyani kuti muwathamangitse."

"Kuwathamangitsa?"

"Akuti ku Mangalande alibe munthu. Ku Australia anali ndi achimwene a Lyson okha. Akuti kuntchito akawafunsa kuti kwanu n'kuti, amayankha kuti ku Nsaru, ngakhale anali asanafikeko."

A Mariya anachita manyazi osaneneka. Iwo kugona osagona kuopa kuti Hannah awathawa, pamene mwiniwake anawoloka nyanja zonsezo kudzafuna mayi! Anakhala pansi pomwepo, mawondo akudandaula, namulanda chitenjecho.

"Evelyn, umasulire bwino, usameze mawu. Amake Fatsani, takumasulani kwa Lyson, amene wagona. Kwa ine wakumasulani ndani? Munamusambitsa mwana wanga ine kulibe. Zikomo wake wa chimenecho ine ndilibe, ndiye ndikuthamangitseni? Ine ndiye ndimaopa kuti mupita osabweranso."

Evelyn anamasulira mawu onse.

"Ndipo uwauze kuti mwamuna amene adzawafune adzayambe wagwadira ine. Kaya pafoni pomwepo, adzagwade. Ndidzamuone kaye ngati ali ndi khalidwe."

Hannah anaseka m'kati mwa kulira, mamina ndi misozi pamodzi. Anagwira manja a a Mariya n'kufunafuna m'Chichewa chake chochepacho.

"Amayi, ine ndibwera. Ndibwera, ndibwera."

A Mariya anamuimiritsa n'kumumangiranso chitenjecho, mfundo yolimba kuposa poyamba. Panja anthu anali chidikirire, ndipo a Jailosi anasuzumira pakhomo, chipewa m'manja.

"Nanga achemwali, tamusudzula kapena sitinamusudzule?"

"Mtengwa mwasudzula, achimwene," anatero a Mariya, akutuluka atamugwira Hannah pamkono. "Uyu ndi mwana wanga. Yambiraninso mawu anu aja."