Wodwala Amene Mwiche Sanapereke

Ku koleji yathu ya unamwino kunali chidole chachikulu ngati munthu, chogona pabedi m'chipinda chophunzirira ntchito ya manja. Pa chidole chimenecho ndi pamene ba Sisita Mpundu, mphunzitsi wathu wa ku wodi, anatikhomerera lamulo lawo. Ukafika kwa wodwala umpatse moni, unene dzina lako, umuuze kuti ali m'manja mwako mpaka udzampereke kwa wina. Poweruka uime pambali pa bedi ndi mnzako wolowa ntchito, unene dzina la wodwalayo ndi mmene alili, ndipo usasunthe phazi mpaka mnzakoyo ayankhe kuti, "Nalandila."

"Wodwala sitimusiya, timamupeleka," ankatero ba Sisita. "Olo agone, olo akomoke, olo amwalile."

Ine Exildah, mwana wa ku Chawama, pakamwa panga sipadziwa kukhala chete. Kupatsa moni chidole cha pulasitiki kunkandiseketsa mpaka misozi, ndipo ndine amene ndinawapatsa ba Sisita dzina lakuti ba Firiji. Nanga munthu wovala juzi yaubweya mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, umutcha chiyani? Manja awo ankakhala m'matumba a juziyo tsiku lonse. Sitinawaonepo atagwira mkono wa wodwala kuti amve kugunda kwa mtsempha. Nthawi zonse ankangoti, "Iwe, gwila apa, uniuze vamene umvela." Ife tinkati ndi ulesi wa anthu okalambira pantchito.

Mnzanga wapamtima anali Mwiche Katongo wa ku Kanyama. Mtsikana wofatsa, wa manja opepuka, woti jakisoni wake mwana ankayamba kulira iye atatulutsa kale singano. M'kalasi monse tinkadziwa kuti ngati pali wobadwira unesi ndi iyeyo. Amayi ake, ogulitsa makala pamsewu, anali atauza kale mpingo wonse kuti kwawo kukutuluka nesi.

Chaka chomaliza anatitumiza tonse awiri ku kachipatala kena kumapeto kwa Kanyama, sinditchula dzina. Mu wodi ya abambo, pabedi la pawindo, panagona ba Whyson Chola, kalipentala wokalamba amene chifuwa chinali chitamudya. Analibe wowadikirira. Ankangodziwa Mwiche, ndipo ankamutcha nesi wanga. M'mawa uliwonse Mwiche ankaima pambali pawo ndi kunena mawu aja monga tinaphunzirira: "Ba Whyson, ndine Mwiche. Muli m'manja mwanga mpaka nikupelekeni."

Iwo ankayankha kuti, "Nili kuno, mwanangu. Siniyenda kulikonse."

Tsiku lina lotentha anamwalira dzuwa lisanafike paliwombo. Tinawasambitsa awirife, tikuwalankhula monga amafunira ba Sisita: tikutembenuzani, ba Whyson, tikupukuteni kumsana. Titawakulunga, ba Sisita anauza Mwiche kuti akankhe troli mpaka ku motchale, akawapereke kwa ba Benard amene amayang'anira kumeneko. Masana omwewo tinali ndi mayeso olemba ku koleji, ndipo basi ya koleji inali itayamba kale kuliza hutala pageti. Dalaivala wake sadikira ngakhale mayi ake omubala. Mwiche anafika akuthamanga basi itayamba kusuntha, nakhala pafupi ndi ine.

M'mawa mwake mu wodi ndinamva Mwiche akundiitana. Anali atagwira mkono wa bambo wina, nkhope yake itachita phulusa.

"Exildah, bwela. Mtima wa aba suchaya."

Ndinayang'ana bamboyo. Anali akudya nthochi. Ndinagwira mkono womwewo ndipo mtsempha unali kugunda ngati ng'oma. Ndinamuseka Mwiche, ndikuti wagona mochedwa. Koma pabedi lotsatira zinali chimodzimodzi, ndi linalo, mpaka wodi yonse. Ndinatenga zala zake n'kuziika pakhosi panga. Zinali zozizira ngati botolo lochokera m'madzi oundana, mpaka ndinadumpha.

"Palibe," anatero. "Uli monga chidole chija."

Pamenepo ndi pamene anandiuza. Anapeza chitseko cha motchale chokhoma, ba Benard atapita kukadya. Basi ikulira, iye anakankhira troli pamthunzi pafupi ndi khomo, n'kuthamanga. Thupi silinatayike ayi. Ba Benard analipeza, analilowetsa, achibale anabwera n'kukaika maliro bwinobwino. Kungoti palibe amene ananena mawu aja.

Ndinamuuza kuti asiye zopusa, ndi maganizo chabe. Ndinanena zimenezo mpaka tsiku limene tinali ku sikelo ya ana. Mayi wina pabenchi, mwana kumsana, anamukoka Mwiche yunifomu.

"Ba nesi, muli na nkhanza imwe. Ba tate aba bakukonkhani kumbuyo kuchokela m'mawa, simubaona? Bathandizeni, baimilila maningi."

Tinatembenuka tonse. Kumbuyo kwa Mwiche kunali khoma ndi chithunzi cha katemera basi. Mayiyo anali akuyang'ana malo amodzi, pamwamba pang'ono pa phewa la Mwiche, ndipo anasuntha pabenchi kuti apereke malo. Tsitsi linandiimirira. Madzulo ake mu minibasi kondakitala anatambasula mkono pakhomo, nati, "Sisita, lekani ba mdala bayambe kungena." Mwiche analowa, n'kusiya mpando wa pawindo wopanda munthu, ndipo ngakhale basi inadzaza mpaka ena kupachikana, palibe amene anakhalapo.

Sankamuopseza ba Whyson. Ndicho chinali choopsa kwambiri kwa ine. Sankagogoda, sankalankhula, sankabwera m'maloto. Ankangodikira, monga amadikirira wodwala amene nesi wake wamuuza kuti ndikubwera.

Mayeso omaliza a ntchito ya manja anali atayandikira, aja amene oyesa amachokera kunja n'kudzaima pambali pako ukugwira wodwala weniweni. Choyamba pa zonse ndi kugunda kwa mtsempha. Makina a batire saloledwa, amafuna zala zako ndi wotchi. Nesi wosamva mtima wa munthu ndi nesi wanji? Mwiche akanalephera, zonse zimene anavutikira zikanathera pomwepo, iye n'kubwerera kukakhala pambali pa matumba a makala.

Anayesa zimene aliyense akanayesa. Kutchalitchi kwawo anamupempherera, anamudzoza mafuta m'zala, anafuula mpaka malata kunjenjemera. Sizinathandize, chifukwa munthuyo sanali chiwanda, anali wodwala. Anapita kwa ba Benard kukawapempha kuti angonena mawu aja. Iwo anapukusa mutu, nati amalandira munthu ali pa troli, ndipo uja anaikidwa kale. Kenako anabwera kwa ine. Tinali kuseri kwa wodi, pamene amayanika mashiti.

"Exildah, ndiwe mnzanga. Kamba chabe ati nalandila."

"Awe."

"Liu limodzi chabe."

"Mwiche, nimakukonda, koma awe. Na ine nili na mayeso."

Ndinachita mantha, ndipo mpaka lero sindichita nazo manyazi. Ndinamuuza kuti pa mayeso angoyang'ana wotchi n'kutchula nambala yooneka bwino, oyesa satsimikiza nthawi zonse. Anandiyang'ana ngati ndamutukwana. Anati nambala yabodza imapha munthu. Ndinati ndiye akawauze ba Firiji. Anati akawauza kuti anasiya mtembo pakhonde amuchotsa mayeso asanafike n'komwe.

Tsiku la mayeso kunatentha moti malata ankalira okha. Oyesa anali awiri, mayi wa magalasi ndi bambo wamfupi. Ba Sisita Mpundu anaima chapatali, juzi ili m'thupi, manja m'matumba. Ine ndinaikidwa kukhala wolandira odwala a Mwiche akamaliza. Wodwala wake anali ba Kalumba, dalaivala wa malole amene anagonekedwa ndi vuto la mtima. Bedi la pawindo, loyandikana ndi lawo, linali lopanda munthu, matiresi ake a pulasitiki ali poyera.

Mwiche anapereka moni bwino, anasamba m'manja, anagwira mkono wa ba Kalumba. Bamboyo anatsinzina ndi kuzizira kwa zala. Mwiche anayang'ana wotchi, muvi unazungulira, unazunguliranso. Mayi wa magalasi anatsokomola. Ine mumtima ndinkangoti tchula nambala, mwana iwe, tchula nambala iliyonse.

Anautsitsa mkonowo pang'onopang'ono. Anatembenuka, napita kukaima pambali pa bedi lopanda munthu lija, manja kumbuyo, monga timaimira popereka odwala.

"Ba Sisita, nili na wodwala wamene sin'napeleke. Aba ni ba Whyson Chola. Banabwela na chifuba, banamwalila m'manja mwanga. Ninabasambika, ninabapeleka ku motchale, n'napeza kokhoma. Ninabasiya pakhomo beka. Sin'nauze munthu. Bakali kunilindila."

"Ni vichani ivi?" anafunsa bambo wamfupi uja.

Nthawi yomweyo matiresi a bedi lopanda munthu lija analira. Mukudziwa mmene pulasitiki imalirira munthu akakhalapo. Pakati pake panalowa pansi pang'ono, tonse tikuona, ndipo ndinamva fungo la sopo yemwe uja tinawasambitsira. Ba Kalumba anasuntha miyendo, n'kugwedeza mutu cha kubedi kuja ngati akupatsa moni mnansi. Mwiche anandiyang'ana, poti wolandira ndinali ine. Lilime langa lotchuka lija linauma gwa.

Ba Sisita anayenda kubwera. Sanakwiye, sanadabwe, ankangooneka otopa. Anatulutsa manja m'matumba, ndipo kanali koyamba kuwaona bwino: zala zotuwa, zikhadabo zobiriwira ngati za munthu amene wachapa m'madzi ozizira m'mawa wa Juni. Anawerama pang'ono pa bedilo.

"Ba Whyson, ndine Mpundu. Pepani mwalindila. Muli m'manja mwanga manje." Kenako anayang'ana Mwiche. "Nalandila."

Matiresi analiranso, n'kubwerera m'malo. Mwiche anapinda zala akupuma mwamphamvu, monga zimawawira zikamayamba kutenthedwa. Ba Sisita anamulozera ba Kalumba ndi chibwano. Mwiche anagwira mkono uja, misozi ikutsika, milomo ikuwerenga. Anati mtima ukuthamanga ndipo ukudumphadumpha, aitane dokotala. Mayi wa magalasi anagwira yekha kuti atsimikize, n'kutuma munthu kukaitana dokotala msanga. Za bedi lija oyesa sanafunsenso. Ndikuganiza kuti nawonso ankafuna kungotuluka mu wodimo. Mwiche anapambana, ndipo ba Kalumba anatuluka m'chipatala ndi miyendo yawo.

Titamaliza tinawapeza ba Sisita pakhomo la wodi akumanga mabatani a juzi mpaka pakhosi. Mano awo ankagundana pang'ono. Mwiche anagwada pansi pomwepo kuti apepese, koma iwo anamudzutsa ndi mawu chabe, osamukhudza.

"Ninali nesi wabwino ine," anatero. "Kamwana kobadwa lelo, ninali kumvela mtima wake na chala chimodzi. Wophunzila woyamba anasiya mzimai pa benchi, anabwela kulila monga iwe. Ninamumvelela chifundo, ninalandila. Banabwelanso bena." Anabweza manja m'matumba. "Musasiyenso munthu pakhonde, imwe bana. Kwa ine malo yasila, yatha."

Ananyamuka kulowera kugeti. Khonde la kachipatalako ndi lalitali, ndipo masana amenewo linali lodzaza anthu odikira mankhwala, atakhala m'mabenchi mbali zonse, miyendo atatambasula. Ba Sisita akudutsa, anthu ankabweza miyendo kuti apite. Iwo anafika mpaka kumapeto, anatsika masitepe, analowa padzuwa. Koma m'mabenchi palibe anatambasulanso mwendo. Maso awo ankatsatirabe pakati pa khonde, pamene ife sitinkaona munthu, mmodzi akadutsa n'kuyang'ana wina, ndipo agogo ena ovala chitenje cha mpingo ankawomba m'manja pang'onopang'ono, kupereka moni kwa aliyense.

Kumapeto kwa khonde mlonda anali atagwira chitseko. Anachigwira nthawi yaitali, mpaka anasintha dzanja.