Njere Khumi ndi Ziwiri za Matimati

Pakhomo paja onse ankamutchula kuti Pulofesa. Dzinali linayamba ngati ulemu tsiku limene anasankhidwa kupita ku koleji, koma atabwera ku maliro a mayi ake n'kusabwereranso, dzina lomwelo linamera mano. Iye sankadandaula nalo. Ankati dzina silipha munthu. Chinapha mayi ake ndi mtima, ndipo mtimawo sunafunse kuti mwana wawo watsala ndi zaka zingati kuti amalize.

Nyumba yawo inali mumsewu wachitatu kuchokera kunyanja yamchere, kumene mphepo imadya malata, maloko ndi misomali yomwe. Dothi la kumeneko ndi mchenga wokhawokha, ukathira madzi amangoti zii, ngati wathira m'dengu. Mumsewu wonsewo munalibe amene analimapo chinthu n'kuchidya, kupatula mayi ake a Pulofesa. Kuseri kwa nyumba anali ndi kadimba ka mabedi anayi, ndipo matimati awo, ataliatali okhala ndi kamchombo kunsi, anthu ankachita kuwasuzumira pampanda.

Miyezi isanu ndi iwiri itadutsa, mabedi aja anali zitsa zouma basi. Chinatsala ndi kabotolo ka mapilitsi a mtima, momwe mayiwo anasungamo njere za matimati aja. Pulofesa anakapeza m'kabati, kuseri kwa makapu a alendo. Anakhuthulira njerezo m'dzanja n'kuziwerenga. Zinalipo makumi atatu ndi ziwiri.

Bambo ake anali makaniko, wokonza mainjini a maboti kugombe. Tsiku lina m'mawa akumwa tiyi, analankhula osadzutsa maso.

"Kuseriko ndithirako simenti. Ndatopa kugwirira ntchito pamchenga. Kabawuti kakagwa, ndiye kuti kapita."

"Ndi dimba la amayi limenelo, ababa," anatero Pulofesa.

"Linali la amayi ako. Pano ndi la nyerere."

Mlongo wake wamkulu, amene anali namwino, ankasita yunifomu pakona ya tebulo lomwelo. "Mupatseniko mpata, ababa. Zaka ziwiri za ku koleji zija mwina anaphunzirako kugwira khasu."

"Achemwali, inu sitani zovala. Za dothi tisiyireni eni ake."

"Eni ake ndani? Iwe amene unapha duwa la m'chitini?"

Bambo aja anamaliza tiyi wawo n'kutembenuza kapu. "Mwezi uno ndi wamawa. Ndikapanda kuona chobiriwira kuseriko, ndikuthira." Ndipo posonyeza kuti sakuseka, madzulo ake anabwera ndi matumba atatu a simenti n'kuwaunjika pakhonde la kutsogolo.

Pulofesa sananjenjemere. Chinsinsi cha mayi ake ankachidziwa, anakulira momwemo. Mphepo ikaomba mwamphamvu Loweruka, Lamlungu m'mawa mayi aja ankawadzutsa ndi mawu amodzi okha: "Kunyanja!" Ankanyamula buledi, tiyi m'fulasiki ndi wilibala. Popita ana awiriwo ankakwera m'wilibalayo, bambo awo akukankha n'kumalira ngati injini. Pobwera ankayenda wapansi, chifukwa wilibala inali itadzaza ndi udzu wa m'nyanja, uja woterera umene mafunde amalavulira pamchenga. Ana ankaona ngati apita kokasangalala. Anachita kukula kuti azindikire kuti mayi awo ankawatengera kokatuta manyowa, buledi uja anali malipiro chabe.

Lamlungu lotsatira anakakamiza mlongo wake kuti amuperekeze. Madzi anali ataphwa, mchenga uli nyezinyezi mpaka patali, udzu uli mizeremizere ngati wachita kuyalidwa.

"Ndikwereko?" anatero namwino uja, akuloza wilibala.

"Achemwali, tayala ili lilibe dokotala."

"Wamwano iwe. Ndinakusambitsa ndine."

Anatola udzu mpaka manja anachita makwinya. Kenako anakhala pamwala uja ankakhalapo kale, n'kudya buledi wopanda tiyi, chifukwa palibe anakumbukira fulasiki. Ankakumbukira nthawi zonse ndi mayi awo. 

Atafika kunyumba, Pulofesa anayanika udzu uja pawaya wa zovala, ndendende mmene ankauonera uli pamenepo mayi ake ali moyo. Tsiku lachiwiri kumwamba kutada, anathamanga kukauchotsa n'kuuyala pakhonde la kuseri kuti usanyowe, monga angachitire aliyense wa mutu wake. Utauma kuti gwa, anaufikisa m'manja, n'kuusakaniza ndi mchenga wa bedi loyamba, wina n'kuphimbira pamwamba. Anafesa njere makumi awiri. Khumi ndi ziwiri anazibwezera m'kabotolo, osati chifukwa chokayika, koma chifukwa bedi linadzaza.

Zinamera khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Pulofesa ankayenda ngati wagula boti.

Kuseri kwa mpanda kunkakhala mayi wina amene msewu wonse unkamutchula kuti aWailesi, popeza nkhani ikafika kwa iwo inkafika kwa aliyense. Ankaima pandowa yovundikira kuti aone bwino.

"Aphunzitsi athu, zameradi?"

"Zamera, mayi. Kauzeni anthu."

"Ndiwauza zikabereka. Kumera n'kosavuta, nayenso nanzikambe amabadwa."

Sabata yachiwiri, masamba anayamba kupsa m'mphepete ngati wina wawayatsa ndi machesi. Pulofesa anawonjezera madzi. M'mawa mwake mbande zisanu zinali zitagona. Anazitchingira dzuwa ndi chitenje chakale. Pofika Lachisanu, bedi lonse linali lakufa, ndipo pamwamba pa mchenga panali toyera ngati ufa. Anatola pang'ono n'kulawa. Mchere.

"Zatani kodi?" anafunsa aWailesi ali pandowa pawo. Ulendo uno mawu awo analibe nthabwala.

"Ndi mphepo," anatero Pulofesa. "Ikubweretsa mchere kuchokera kunyanja. Mpandawu wabooka kwambiri."

Anakhulupirira zimenezo ndi mtima wonse, chifukwa zinali zomveka, ndiponso chifukwa sizinkaloza iye. Anasoka masaka n'kutchinga mbali yoyang'ana kunyanja. Anapitanso kugombe yekha, n'kubwera ndi wilibala ina yodzaza ndi udzu, n'kuuyanika pawaya. Bedi lachiwiri analitipula bwinobwino. Udzu ukangouma, njere khumi ndi ziwiri zotsala zija zinali zolowa pansi. Zikafa zimenezo, matimati a mayi ake sadzapezekanso paliponse, ndipo simenti inali ikudikira pakhonde.

Zonsezi bambo ake sanazione. Chiwaikire m'manda akazi awo, kuseri kwa nyumba sanapondekonso. Ankatulukira khomo la kutsogolo, n'kulowera lomwelo, ndipo katani ya zenera lawo loyang'ana kudimba inali yotseka usana ndi usiku. Pulofesa ankaona ngati ndi kuuma mtima. Nthawi zina ankawayang'ana akudya n'kumadzifunsa kuti munthu angakhale bwanji ndi mkazi zaka makumi atatu kenako n'kufuna kumuthira simenti kachiwiri.

Lachiwiri masana mvula inabwera mwadzidzidzi, ija yochokera kunyanja yosapereka moni. Pulofesa anatuluka ali chothamanga n'kuyamba kukokolola udzu pawaya. Nthawi yomweyo bambo ake anafika, mvula itawathamangitsa kugombe. Anali atanyamula injini yaing'ono paphewa, ndipo popeza khonde la kutsogolo linali lodzaza ndi simenti, anazungulira kuseri kuti akaiike pouma. Pakona ya nyumba anaima.

"Iwe! Ukutani?"

"Ndikuchotsa, usanyowe!"

"Siya!"

"Ababa, watsala pang'ono kuuma, mawa ndikufuna..."

"Ndati siya! Bwezera pawayapo!"

Pulofesa anaima udzu uli m'manja, madzi akuyenderera m'khosi. Bambo ake sanamukalipirepo chotero chiyambire matenda a mayi ake. Anatsitsa injini pakhonde, n'kutulukanso pamvula osavula ngakhale chipewa, n'kumulanda udzu uja. Anautambasula pawaya, chingwe chimodzichimodzi, mofulumira, ngati munthu amene manja ake aichita ntchitoyo kambirimbiri.

"Woyamba uja unauumitsanso chonchi? Pakhonde?"

"Eya."

"N'kuuthira pabedi?"

"Mmene ankachitira amayi."

Bambo aja anaseka, koma kuseka kwake kunali kowawa. "Amayi ako sankayanika kuti uume, Pulofesa iwe. Ankayanika kuti unyowe. Udzuwu umachokera m'madzi amchere. Mvula iutsuke katatu, ndiye ulowe m'dimba. Iwe wapatsa mbande mchere wa nyanja yonse."

Pulofesa anayang'ana bedi lakufa lija, kenako masaka amene anasoka masiku awiri athunthu potchinga mphepo yosalakwa.  Ali mwana ankaona udzu pawaya, inde. Koma mvula ikamagwa iye ankakhala m'nyumba, ndipo sanadzifunsepo chifukwa chake mayi ake, amene ankathamangira ngakhale kansalu kopukutira mbale, udzu wokha ankausiya panja.

"Bwanji simunandiuze?"

"Unandifunsa?"

"Simubwera kuno, ababa."

Bambo aja anakonza udzu wina umene unali wokonzeka kale. "Waya uyu ndinamanga ndine," anatero pambuyo pake. "Ndinamukweza dala kuti mabulangete asamakhudze pansi. Amayi ako sankamufikira, paja anali afupi ngati botolo la mafuta. Ndiye woyanika udzu ndinali ine. Iwo ankangoima apo, manja m'chiuno, n'kumandilamula."

Anathyola kachidutswa ka udzu n'kukaponya m'kamwa. Anatafuna, nkhope n'kukwinyika, n'kulavula.

"Nanga zimenezo?" anafunsa Pulofesa.

"Ndiwo muyeso wake. Dokotala atawaletsa mchere, anati lilime lawo silikudziwanso kusiyanitsa. Ndiye wolawa ndinalinso ine. Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikutafuna udzu ngati mbuzi, iwo akuseka. Ukasiya kuluma lilime, ndiye kuti wapsa." Anapukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja, n'kupukutanso m'maso, ngakhale mvula inali ikuwapukutira kale. "Uwu ukadali. Mvula ziwiri."

Anaima awiriwo pamvulapo ngati anthu opanda kwawo. Pampanda panatulukira ambulera, pansi pake aWailesi.

"Amakaniko! Mwayambanso kudya udzu? Ndiye kuti dimba labwerera!"

"Lowani m'nyumba, mayi, mabatire anganyowe," anatero bambo aja, ndipo Pulofesa anaseka koyamba pamaso pa bambo ake kuchokera tsiku la maliro.

Mvula yachiwiri inagwa Lachinayi, yachitatu inachedwa mpaka sabata inayo. Pulofesa ankayang'ana kumwamba ngati mlimi weniweni. Podikira, bambo ake anamuuza kuti afukule mchenga wonse wa bedi loyamba akautaye, chifukwa mchere sutuluka ndi kupepesa. Itagwa yachitatu, anamuitana pawaya.

"Lawa."

"Ine?"

"Lilime langa lakalamba. Komanso sindidzakhalapo mpaka kalekale. Lawa."

Pulofesa anatafuna. Unali woterera, wonunkha nyanja, koma wosaluma. "Wapsa," anatero.

Bambo ake analawanso okha, posafuna kungokhulupirira munthu wa ku koleji. Anagwedeza mutu. "Wapsa."

Sanafese zonse khumi ndi ziwiri. Bambo aja anati mayi ake sankakhuthula botolo mpaka pansi, choncho anafesa zisanu ndi zitatu, zinayi n'kubwerera kuseri kwa makapu a alendo. Zinamera zisanu ndi chimodzi. Sabata yachiwiri inadutsa masamba ali obiriwira mpaka m'mphepete. Yachitatu, anaziwokera motalikirana, bambo ake akuyeza mpata ndi sipanala yaikulu, poti ndi imene ankayezera kale.

Mwezi wachiwiri unatha popanda wotchula zothira simenti zija. Anaikumbutsa nkhaniyo ndi namwino, ali pa tiyi.

"Ababa, nanga simenti ija? Iuma pakhondepo."

"Ili ndi ntchito. Timanga kakhoma kafupi mbali ya kunyanja. Masaka a Pulofesa akutichititsa manyazi."

"Ndiye kuti za mphepo ija ndinanena zoona," anatero Pulofesa.

"Pang'ono. Usatukumuke."

"Nanga mainjini anu?"

"Kabawuti kakagwa pamchenga, uzidzandifunira ndiwe. Ntchito ina uli nayo?"

Loweruka limenelo mphepo inaomba tsiku lonse, malata akulira. Lamlungu m'mawa Pulofesa anadzidzimuka ndi kugogoda pachitseko cha chipinda chake. Anali bambo ake, atavala kabudula wakale ndi chipewa. Anatsegula pakamwa ngati akufuna kunena mawu aja ankanena mayi, koma anawakanika. Anangoti, "Madzi aphwa. Tiyeni."

Namwino anali kale panja, buledi ali m'manja. Atafika pageti anabwerera m'nyumba chothamanga, n'kutuluka ndi fulasiki. Bambo aja anagwira wilibala.

"Akwera ndani?" anafunsa.

"Ine," anatero namwino, n'kukhalamo asanamuletse.

Tayala linalira, koma linapirira. Bambo aja anakankha kutsika msewu wa kunyanja, ndipo atadutsa nyumba ziwiri anayamba kulira ngati injini, motsitsa, kuti aWailesi asamve. Pulofesa ankabwera pambuyo atanyamula masaka opanda kanthu, akuwerengera m'mutu kuti mabedi atatu otsalawo adzafuna mawilibala angati.