Mabotolo a Mafuta a NyaChirwa

A Edina Chirwa, omwe anthu a pa Mpamba amangowatcha a NyaChirwa, sankakhazikika pa benchi lawo la malonda. Akhale pansi, aimirire, asuzumire kumsewu, abwerere kudzandandalikanso mabotolo a mafuta ophikira omwe anali atandandalika kale. Mtima wawo unali pa siteji ya akabaza, pomwe mwana wawo Wyson ankagwira ntchito ndi njinga yomwe anasiya malemu bambo ake.

Mnyamatayu anali atagwetsa mayi wina ndi dengu lake la nthochi m'ngalande, lole yochokera ku Mzuzu ikudutsa pafupi penipeni. Anzake anati iye anasinza ali pachishalo, dzuwa likuswa mtengo. Wapampando wa akabaza anachenjeza kuti akadzagwetsanso munthu, achoke pa siteji. Koma a NyaChirwa sankadandaula za siteji. Ankaopa kuti tsiku lina adzaitanidwa kukatola mwana wawo pansi pa lole.

Iwo anali atapeza kale chifukwa chake: chifuwa. Amuna awo anamwalira ndi chifuwa chachikulu, ndiye Wyson akangoti khosu, mayiwo mtima unkawathawa. Za mowa ndi chamba analibe nazo nkhawa. Madzulo aliwonse ankamununkhiza m'kamwa ngati munthu wogula nsomba, ndipo sankamva kanthu. Kutchalitchi ankadzitama nazo kuti wawo ndi mwana wa mkulu wa mpingo, sali ngati anyamata a kudoko.

Choncho Wyson akati mankhwala akumwa a chifuwa atha, iwo ankathamanga okha kukagula kwa munthu wina wogulitsa mobisa kuseri kwa msika. Kuchipatala mnyamatayo ankakana, amvekere mzere wake ndi wautali. Ndipo poti a NyaChirwa sataya chinthu, botolo lililonse lotha ankalitsuka n'kumayezeramo mafuta ogulitsa.

Tsiku lina m'mawa kunabwera a Margaret Kalonga, mlangizi wa zaumoyo wochokera ku Dedza, kudzagula mafuta. Ananyamula botolo limodzi, n'kuwerenga kapepala komwe kanakanirira pagalasi. Anayang'ana ena aja, onse ofanana, mzere wathunthu. Atafunsa komwe amawapeza, a NyaChirwa anafotokoza zonse, mpaka za ngozi ya m'ngalande.

"Amayi, mumamumva akutsokomola nthawi iti?" anafunsa a Margaret.

A NyaChirwa anayamba kuganizira. Anakumbukira kuti mwanayo amagona tulo tofa nato, osatsokomola ngakhale kamodzi. Kumunda wa chinangwa satsokomola. Pocheza ndi anzake satsokomola.

"Botolo likatha," anatero motsitsa.

A Margaret anakhala nawo pa benchi. Anafunsa ngati Wyson amasinza masana, ngati amadzikandakanda, ngati anasiya kudya bwino, ngati amakwiya msanga mankhwala akasowa. Mayiwo ankangogwedeza mutu. Kondowole, nsima ya chinangwa, yemwe kale Wyson ankamaliza mbale yonse, tsopano ankangomukhudza pang'ono. Anzake akale a kwaya anawataya.

Mlangiziyo anafotokoza kuti mankhwala ena a chifuwa amakhala ndi mphamvu yoledzeretsa, n'chifukwa chake sayenera kugulitsidwa popanda chilolezo cha dokotala. Achinyamata ena amawathira m'zakumwa zoziziritsa kukhosi. Thupi likawazolowera limafuna ochuluka, ndipo munthu akamwa mopitirira akhoza kusiya kupuma ali m'tulo.

A NyaChirwa anadzuka ndi ukali, n'kutola chikuni. Anati akamuswa nacho Wyson pa siteji pomwepo, kenako Lamulungu akamuimika pamaso pa akulu a mpingo. Manyazi anawagwira kwambiri, chifukwa mabotolo onsewo anagula ndi manja awo omwe.

"Mukamuchititsa manyazi pagulu, azikamwera kwina komwe simudzamuona," anatero a Margaret. "Mwana wanuyu akudwala, kungoti si chifuwa. Mulankhule naye muli awiri, mutu wake uli bwino. Ndipo musangomulanda mankhwalawo n'kumutsekera m'nyumba. Thupi limavutika posiya. Mubwere naye kuchipatala."

Tsiku limenelo linatalika. A NyaChirwa anapatsa kasitomala usipa m'malo mwa tomato, anaiwala chitenje pamsika, anafika kunyumba n'kubwereranso. M'mawa mwake, Wyson akupopa njinga pabwalo, anatulutsa mabotolo onse n'kuwaika pamkeka. Anamuuza kuti akhale pansi.

Wyson anayamba kutsokomola. Mayi ake anangomuyang'ana mpaka anasiya yekha.

"Bambo ako ndinawaika m'manda chifukwa cha chifuwa chenicheni," anatero. "Iwe ndisakuike chifukwa cha chabodza. Sindikukumenya, sindikuuza munthu. Undiuze zoona."

Mnyamatayo anakana, anakwiya, anati aliyense pa siteji amamwa. Kenako anayamba kutembenuza pampu m'manja. Pomaliza anaulula kuti anayamba bambo ake atangomwalira, mnzake atamuuza kuti mankhwalawo amachotsa maganizo ndi kupweteka kwa miyendo pokwera zitunda.

"Ama, ndinayesapo kusiya," anatero. "Thupi limangonjenjemera. Ndimaopa."

Anapita kuchipatala tsiku lomwelo, njinga itatsala kunyumba. Anamuyeza makhololo ndipo chifuwa chachikulu sichinapezeke. Adokotala anamufotokozera mmene amuthandizire kusiya pang'onopang'ono, n'kumutumiza kwa wopereka uphungu. Za wogulitsa wa kuseri kwa msika uja, a Margaret anakanena kwa akuluakulu oyenera.

Musaganize kuti zinatha ngati chimfine. Masiku oyamba Wyson ankatuluka thukuta, m'mimba mukupota, tulo osabwera. Ankazungulira nyumba, kulalatira mayi ake, kenako n'kupepesa. Patapita milungu ingapo anamwanso kamodzi. A NyaChirwa anayang'ana chikuni chija, n'kuchisiya pomwepo, ndipo anabwerera naye kwa aphungu. Aphunguwo sanadabwe. Anati kuterereka kumachitika, chofunika n'kubwerera msanga.

Mvula itayamba, Wyson anali akumalizanso mbale yake. Anabwerera ku kwaya. Wapampando anamulola kunyamulanso anthu, koma makasitomala ankamudutsa n'kukwera njinga za ena. Mayi wa nthochi uja ndiye ankachita kumulambalala patali.

A NyaChirwa ataona zimenezi anasiya benchi lawo, anawoloka msewu anthu onse akuona, n'kukhala pakaliyala ya mwana wawo. Anamuuza kuti awapititse kumpingo, kudzera pa ngalande yomwe ija. Sanagwire chitsulo. Manja anawaika pamiyendo mpaka kukafika.

Kumsonkhano wa amayi a mpingo tsiku limenelo anaimirira, botolo lopanda kanthu lili m'manja, Wyson atawalola kuti anene.

"Ine ndinkanunkhiza m'kamwa, poganiza kuti choipa chilichonse chimanunkha," anatero. "Mankhwala ozunguza bongo ena amabwera m'botolo ngati ili, ndipo ogula ndinali ine. Mwana akasintha tulo, kadyedwe ndi anzake, mufunseni mwachikondi. Musamugulire mankhwala mumsika. Pitani naye kuchipatala msanga, chifukwa thandizo lilipo. Wanga uja ali panjapo, akundidikira ndi njinga."